Nyanja ya Maravi inafika bwanji pa mapu a ku Ulaya?

Mwana wasukulu wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula amaloweza kuti David Livingstone anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, ndipo ambiri amangoti ndiye anaitulukira. Mapu akale akukana zimenezi. Mu 1749 katswiri wa ku France, Jean-Baptiste d'Anville, anatulutsa mapu a Africa atachotsamo zambiri zopanda umboni, moti mbali yaikulu ya pakati inangotsala pepala loyera. Nyanja zongopeka za Zaire ndi Zaflan, zimene Abraham Ortelius anajambula mu 1570 ngati gwero la mtsinje wa Nile, palibepo. Koma nyanja yaitali yotchedwa Maravi ilipo.

D'Anville anaisiyamo chifukwa mboni zinalipo. Mu 1616 Mpwitikizi Gaspar Bocarro anayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa, kudzera kwa mfumu Muzura, ndipo anasimba za nyanja yaikulu zedi. Mu 1624 wansembe Luís Mariano analembanso za nyanjayi. D'Anville mwiniwake sanapondepo phazi kuno. Ankadalira zolemba za Apwitikizi, amenenso ankamva zambiri kwa Amaravi owagulitsa minyanga ya njovu. Choncho nzeru zimene zili pa mapuwo zinayambira pakamwa pa makolo athu, ngakhale mayina awo sanalembedwepo.

Wina anganene kuti nyanjayo anaijambula mokhota komanso pamalo polakwika, choncho ulemu upitebe kwa Livingstone. Kulakwikako n'koona, koma chifukwa chake ndi zipangizo. Kudziwa kuti uli kumpoto kapena kummwera motani kunali kosavuta: umayeza kutalika kwa dzuwa masana kapena kwa nyenyezi usiku. Kum'mawa ndi kumadzulo kunkafuna kuyerekeza nthawi ya malo awiri otalikirana, ndipo wotchi yodalirika ya John Harrison inayesedwa panyanja m'ma 1760. Wojambula ankangowerengera masiku amene amtengatenga ayenda, pomwe ulendo wa m'dzinja sufanana ndi wa m'chilimwe. Livingstone timuyamikire poyeza malo ndi zipangizo, osati potulukira nyanja imene asodzi ankaponyamo makoka kalekale.

Chodandaulitsa n'chakuti mapuwa ankatsata malonda basi. Sena, Tete ndi Zambezi zimaoneka bwinobwino, koma za zigwa za kuno kwa Chitukula mapuwa ali chete, ngakhale kuti chakummwera kwake, ku Msinja kufupi ndi Dzalanyama, kunali kachisi wa Makewana kumene Achewa ochokera kutali ankakapempha mvula.