M'NKHALANGO MDANI WOYAMBA SI MFUTI

KUMPOTO kwa cisumbu ca Okinawa, m'dziko la Japan, kuli sukulu ya m'nkhalango. Ophunzira ake ndi asilikali a dziko la America ochedwa Marines, ndipo cimene apitira kumeneko ndico kudziwa kukhala ndi moyo ndi kumenya nkhondo m'kati mwa nkhalango yowirira.

Marines ndi gulu la asilikali amene ayenda pa zombo za nkhondo, ndipo akafika pa gombe la adani atsika namenyera pamtunda. Popeza zisumbu zambiri za m'nyanja yaikulu ya Pacific nzokutidwa ndi nkhalango, msilikali wotere akangocoka pa mcenga wa gombe apezeka ali m'mitengo.

Nkhalango ya ku Okinawa, imene eni dziko aicha Yanbaru, siifanana ndi thengo la misuku ndi mitondo la kuno kwathu, m'mene munthu atha kuona kutali m'cilimwe udzu ukapsa. Mitengo ya kumeneko siiyoyola masamba caka conse, ndipo mvula imene igwako pa caka iposa ya ku Chipata kuwirikiza kawiri. Dziko lake ndi la zitunda ndi zigwembe zakuya, dothi lake ndi katondo woterera, ndipo munthu woima pa mapazi khumi okha saoneka.

PHUNZIRO LA NKHONDO YA HITLER

Maphunzirowa anabadwa m'masautso a nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, imene akulu-akulu aicha nkhondo ya Hitler. Mu August 1942 gulu la Marines linatsikira pa cisumbu ca Guadalcanal kukalimbana ndi asilikali a Japan. M'miyezi yotsatira, amene anagonekedwa ndi malungo anaculuka koposa amene analasidwa ndi zipolopolo.

Ku Burma, dziko limene tsopano lichedwa Myanmar, asilikali a Britain anaona zoposa pamenepo. Mkulu wao General William Slim anawerenga kuti m'caka ca 1943, pa msilikali mmodzi wocotsedwa ku nkhondo cifukwa ca mabala, panali ena 120 ocotsedwa cifukwa ca matenda, maka-maka malungo ndi kamwazi. Slim analamula kuti msilikali aliyense azimwa mankhwala a malungo ochedwa mepacrine tsiku ndi tsiku, ndipo akulu a magulu amene anthu ao sanali kumwa anawacotsa pa udindo. Odwala anayamba kucepa.

Nkhondo ya ku Burma siyacilendo kwa anthu a Zambia. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anali komweko, ndipo mu 1944 ena a iwo anadutsa cigwa ca Kabaw pakati pa dzinja, cigwa cimene cinachuka ndi matope, udzudzu ndi imfa. Maina a Arakan Barracks ku Lusaka, Chindwin Barracks ku Kabwe ndi Kalewa Barracks ku Ndola ndi maina a malo a ku Burma. Ankhondo onsewa, a Marines ndi askari omwe, anabwerako ndi phunziro limodzi: gulu losadziwa nkhalango litha lisanaone mdani.

CIYAMBI CA SUKULU

Nkhondo itatha mu 1945, Okinawa anakhala m'manja mwa America kufikira 1972, ndipo ngakhale cisumbuco cinabwezedwa ku Japan, misasa ya asilikali inatsala. Malo ophunzirirapo a ku Yanbaru anatsegulidwa mu 1958. Mu 1986 msasa wake unapatsidwa dzina lakuti Camp Gonsalves, pokumbukira Harold Gonsalves, mnyamata wa zaka 19 amene anafa mu April 1945 pa nkhondo ya Okinawa atadzigwetsa pa bomba la m'manja kuti apulumutse anzake. Kuyambira 1998 sukuluyi ichedwa Jungle Warfare Training Center, ndiko kuti malo ophunzitsira nkhondo ya m'nkhalango.

ZIMENE APHUNZIRA

Phunziro loyamba ndi la kupeza njira. Masamba a mitengo achinga dzuwa ndi nyenyezi, ndipo makina osonyeza malo pamodzi ndi mawailesi kawiri-kawiri alephera kugwira bwino nchito m'zigwembe. Motero msilikali abwerera ku mapu ndi kampasi, nawerenga mapazi ake pamene ayenda. Ena amanga mfundo pa cingwe akakwanitsa mamita 100 alionse. Mtunda umene pa mseu munthu ayenda mphindi 15, m'nkhalango ungadye maora angapo.

Laciwiri ndi la zingwe. Aliyense ayenera kudziwa kumanga mfundo zosamasuka, kutsika pa phompho atanyamula mfuti ndi katundu, ndiponso kuoloka mtsinje pa cingwe comangidwa ku mitengo ya mbali zonse ziwiri. Mvula ikagwa ku mapiri, kamtsinje kofika m'akakolo kangadzaze pa kanthawi kocepa ndi kukokolola munthu.

Lacitatu ndi la kuyenda mwakacetecete. Popeza adani akumana ali pafupi kwambiri, woyamba kumva kapena kuona mnzake ndiye apulumuka. Asilikali ayenda mondondozana, alankhulana ndi manja okha, ndipo aphunzira kuwerenga mapazi pa matope, nthambi yothyoka, tsamba lotembenuzika ndi fungo la utsi. Nzeru zimene mlenje wa ku Luangwa azidziwa kuyambira ubwana wake, mnyamata wokulira m'mizinda ya America ayamba kuziphunzira atavala kale yunifomu.

Aphunziranso kumanga msasa wa masamba, kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, kuchera misampha ndi kusiyanitsa zomera zodyedwa ndi zakupha. Pogona asankha malo okwezeka, ndipo m'mawa akutumula nsapato asanavale, cifukwa pa Okinawa pali njoka yaululu yochedwa habu imene iyenda usiku.

MAPAZI NDI MADZI

Koma aphunzitsi alimbikira koposa pa zinthu zimene munthu angaziyese zazing'ono. Phazi lokhala m'nsapato yonyowa masiku angapo lituwa, lifewa, kenaka khungu lisupuka, ndipo msilikali wamphamvu alephera kuponda pansi. Ncifukwa cake asilikali a m'nkhalango asunga masokosi ndi zobvala zouma m'thumba losalowa madzi. Usiku aumitsa mapazi nabvala zoumazo, ndipo kukaca abvalanso zonyowa za dzulo, ngakhale zizizire bwanji, kuti zouma zikhalepobe madzulo.

Madzi nawonso ali ndi lamulo lake. M'nkhalango thukuta siliuma, thupi litentha msanga, ndipo wosamwa madzi okwanira akomoka. Komabe madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera, samwedwa asanasefedwe, kuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala.

Pa Okinawa malungo anatha kale, koma pali nthenda ina yochedwa leptospirosis. Tizirombo take ticokera m'mikodzo ya makoswe, nguluwe ndi nyama zina, tikhala m'madzi ndi m'matope, ndipo tilowa m'thupi kudzera pa zilonda, m'maso kapena m'kamwa. Iyamba monga malungo, ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya kwa minofu, koma ikanyalanyazidwa iwononga impso ndi ciwindi. Mu 1987 ndiponso mu 2014 a Marines ambiri anadwala nthendayi atacita maphunziro pa sukulu yomweyi. Izi zionetsa kuti ngakhale gulu lokhala ndi madokotala ndi mankhwala okwanira, nkhalango siiliopa.

MAYESO OTSIRIZA

Pa mapeto pa maphunziro pali ulendo wa makilomita pafupi-fupi 6 umene utenga maora ambiri. Asilikali atsika maphompho pa zingwe, akwawa m'ngalande za madzi amatope pansi pa waya waminga, ndipo pena amira mutu wonse kuti adutse. Cigawo comaliza ndico cowawitsa: mmodzi ayesedwa wolasidwa, anzake apanga macila ndi mitengo, namunyamula kukwera ndi kutsika zitunda m'matope ofika m'ciuno.

Mayesowa sawerengera munthu mmodzi payekha. Gulu liyamba pamodzi ndipo liyenera kufika pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cake ncakuti helikoputa siitera pakati pa mitengo, ndipo kawiri-kawiri wolasidwa ku nkhondo yeni-yeni apulumuka ngati anzake ali ndi mphamvu zomufikitsa poyera.

MADANDAULO A ENI NTHAKA

Nkhalangoyi ili ndi eni ake. Ili m'dera la midzi ya Kunigami ndi Higashi, ndipo mitsinje yake ndiyo ipatsa madzi akumwa ku mbali yaikulu ya cisumbu. Mukhalanso mbalame zosapezeka kwina kulikonse pa dziko, monga Yanbaru kuina, mbalame yosauluka, ndi gogomole wochedwa Noguchi-gera.

Anthu a ku Takae, kamudzi ka m'dera la Higashi, anayamba mu 2007 kukhala pa zipata za msasa pokana kumangidwa kwa mabwalo asanu ndi limodzi oterapo ndeke pafupi ndi nyumba zao. Iwo anadandaula za phokoso la usana ndi usiku ndi ngozi ya ndeke kugwera pamudzi. Mabwalowo anamangidwabe, ndipo mu December 2016 America anabweza ku Japan mahekita pafupi-fupi 4,000, kuposa theka la malo onse. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika nkhalango ya kumpoto kwa Okinawa pa mndandanda wa malo a cilengedwe oyenera kusungidwa ndi dziko lonse.

M'malo obwezedwawo anthu akhala akutolamo makoko a zipolopolo ndi zinyalala zina za asilikali, ndipo nkhani ya amene ayenera kuyeretsa ikali kubvuta. Ku mbali yotsala maphunziro apitirira, ndipo magulu atsopano a Marines afikabe caka ndi caka kudzaphunzira kusamala mapazi, madzi ndi njira.