Pakhomo pawo koma ngati alendo

Anzanga a ku Mangalande akamadabwa kuti bwanji bwalo la Los Angeles Chargers limadzaza ndi masapota a timu yobwera, ine ndimati nkhani yagona pa matikiti. Apatu ndikunena mpira wa ku America uja, wonyamula m'manja.

Timuyi idasamuka ku San Diego mu 2017, n'kusiya masapota ake enieni ali ndi mkwiyo. Ku Los Angeles idayambira pa StubHub Center, kabwalo ka anthu pafupifupi 27,000 basi. Ambiri ogula matikiti a sizoni yonse adawasandutsa geni. Kukamabwera timu ya chikoka, monga Philadelphia Eagles chaka chomwecho, munthu amangoika tikiti pa intaneti, mtengo n'kukwera, iye n'kukaonera pa kanema. NFL siiletsa, ili ndi msika wakewake wa zimenezi.

Ovutika ndi osewera. Alendowo akamakuwa, malangizo a quarterback samveka, mpaka anyamata amalankhulana ndi zizindikiro pabwalo lawo lomwe. Zamanyazi ndithu!

Ku Mangalande n'zina. Lamulo la 1994 limati kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo cha eni masewero ndi mlandu, ndipo alendo amawaunjika pakona pawo.