Ma volts 12,000 m'khitchini, tiwayeze ndi rula

Magetsi akathima madzulo ku Area 47, m'nyumba zina mumangomva "tcha!", mbaula ya gasi yayaka. Kalaita kataliatali koyatsira mbaulako, makamaka kosavuta kaja, mulibe batire, mulibenso gasi. Nanga kamoto kabuluu kothetheka kunsonga kaja kamachokera kuti?

Mkatimo muli kamwala kochita kupanga kotchedwa PZT. Mukadina, sipuling'i imafinyika kenako imamasula kanyundo komwe kamamenya kamwalako. Kakamenyedwa, mbali imodzi imakhala positive, inayo negative, ndipo pakati pa mbali ziwirizi pamabadwa voltage yaikulu zedi. Imeneyi ndiye piezoelectric effect, yomwe Jacques Curie ndi mng'ono wake Pierre anaitulukira ku Paris mu 1880 poyesa miyala monga quartz.

Ndiye ndi ma volts angati? Ine ndinaphunzira nditaluza. Ndinagula laita ku Old Town, n'kuilumikiza ku multimeter yanga ophunzira a Fomu 3 akuonerera. Kudina kamodzi kokha, mita inazima, osadzukanso. Mamita wamba amalekezera pa ma volts 600 kapena 1,000.

Njira yotsika mtengo ndi rula. Mpweya wouma sulola magetsi kudutsa, koma umagonja pa ma volts pafupifupi 3,000 pa milimita iliyonse. Tsono tsegulani laita yopanda gasi, lumikizani mawaya awiri pomwe pamatulukira kamoto, ndipo muwamate ndi tepi pa rula ya pulasitiki, nsonga zitayang'anizana. Yambani ndi mpata wa 1 mm. Dinani kakhumi, lembani kuti kamoto kalumpha kangati, kenako onjezerani mpata mpaka kasiyiretu kulumpha. Yathu inalekezera pa 4 mm: 4 × 3,000 = ma volts 12,000. Iyi ndi nambala yongoyerekeza, chifukwa waya wosongoka amathandiza kamoto kulumpha patali, choncho yeniyeni ikhoza kucheperako.

Mwina mukufunsa: "Aphunzitsi, a ESCOM ndi ma volts 230 okha koma amapha. Bwanji 12,000 ikungotsina?" Ganizirani dontho limodzi la madzi logwa kuchokera pamwamba pa Kang'ombe House. Lachokera patali, koma silingakugwetseni. Mtsinje wa Lilongwe ukadzaza sugwa kuchokera pamwamba, koma umakokolola munthu. Laita imatulutsa charge yochepetsetsa kwa kanthawi kosakwana n'kuphethira komwe, pomwe soketi imakankha current mosalekeza.

Chenjezo: chitani izi kutali ndi silinda ya gasi, petulo ndi spirit ya mu labu. Musayandikize foni kapena calculator, ndipo musatsine nayo mnzanu, makamaka wodwala mtima. Soketi ya pakhoma musayerekeze n'komwe.

Ntchito yanu nayi: yezani mu Okutobala kunja kuli gwa, mudzabwerezenso mu Januwale mvula ili mkati. Mudzandiuze ngati mpata wasintha, ndi chifukwa chake.