KUGULITSA KASITOLO KA ULUSI: MUSACHITE MWAPHUMA

Abale anga alimi, sabata ino sindinena za chimanga kapena fodya. Poyendera minda kufupi ndi Dedza ndinacheza ndi mai wina amene anali ndi kasitolo ka ulusi wolukira majuzi, zipewa za ana ndi masokosi. Maso awo anayamba kufooka, ndipo anafuna kugulitsa kasitoloko kuti agule feteleza wobereketsa. Umenewu unali mwezi wa Januwale. Ine ndinawapempha kuti ayambe adikira.

Chifukwa chake nchakuti sitolo ya ulusi ili ndi nyengo yake monga mbewu. M'Januwale ndi m'Febuluwale nkhokwe zapepuka, ndalama zasowa, ndipo palibe woganiza za juzi. Munthu wodzagula sitolo nthawi imeneyo adziwa kuti mwapanikizika, ndipo mtengo adzatchula ndi iye. Ulusi uyamba kuyenda malonda cha m'Epulo, anthu akayamba kugulitsa zokolola, pakuti amai afuna kuti chisanu cha Juni ndi Julayi chipeze ana atavala. Wogula akaona anthu alikulowa ndi kutuluka pakhomo, savuta pa mtengo.

Podikirapo pali ntchito. Werengani mipukutu yonse ya ulusi, muilembe m'kope pa mtengo umene munapikulira, osati wogulitsira. Yang'anani pepala lokulunga mpukutu: pamakhala nambala ya utoto. Mipukutu iwiri ingaoneke yofiira chimodzimodzi, koma ngati nambala zasiyana, juzi likatha lidzaoneka mizere. Tsono ikani ya nambala imodzi pamodzi. Mipukutu khumi yofanana ndi chuma. Umodziumodzi wotsalira ngwa zipewa za makanda basi, ndipo musaumirire mtengo pa iyo. Ulusi wofwifwa ndi dzuwa la pazenera, wodyedwa ndi makoswe, kapena wa ubweya wa nkhosa umene njenjete zalowamo, muuike padera ndi kuuonetsa. Wogula akadzaupeza yekha pansi pa katoni, mlandu udzafika kwa amfumu.

Chovuta koposa ndi kope la ngongole. Mai uja anali ndi maina odzaza masamba atatu, ambiri a abale ndi anzawo a kumpingo. Wogula sangalipire ndalama zimene sanazione. Tolerani nokha ngongolezo anthu akakolola, musanapereke makiyi, pakuti mukachoka pakauntala aliyense adzaiwala.

Munenenso poyera chimene mulikugulitsa. Kodi ndi katundu ndi mashelefu okha, kapena ndi nyumba yomwe? Ngati nyumba nja lendi, mwini wake amve msanga. Ngati ili pa malo a mudzi, amfumu akhalepo. Lembani pangano pa mapepala awiri, mboni zisaine, ndipo ngati wogula adzalipira pang'onopang'ono, masiku ake alembedwe.

Mai uja anagulitsa mbuzi ziwiri, nathira feteleza pa nthawi yake. Kasitoloko anagulitsa m'Meyi kwa mtsikana amene anamphunzitsa kuluka iwo omwe. Anakhala naye pakauntala masabata atatu, namsonyeza kopikula ulusi ku Lilongwe ndi mitundu imene ana a sukulu afuna. Ngongole anatolera zonse kupatula ya mlamu wawo, imene akali kuidikira.