Chipinda chaching'ono sichifuna zimasipika

Mukalowa m'sitolo ya zamagetsi, wogulitsa amathamangira kukulozerani katoni yolembedwa "3000W PMPO". Ine nambala imeneyo sindiiwerengera n'komwe. PMPO ndi mphamvu ya kamphindi chabe, ndipo kampani iliyonse imayeza mmene yafunira. Funsani ya RMS. M'chipinda cha mamita 3 mbali zonse, momwe bedi latenga kale malo ambiri, ma watt 20 kapena 30 a RMS pa sipika iliyonse ndi okwanira kuonera filimu. Ndipotu kuwirikiza ma watt kawiri kumangowonjezera ma decibel 3, khutu limamva kusintha pang'ono basi.

Ambiri amasirira 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi subwoofer imodzi. Nanga awiri akumbuyowo muwaika pati, bedi litagunda kale khoma? Mawaya nawonso azingokukolani m'miyendo usiku. Ine ndimakonda masipika awiri abwino, ina kumanzere ina kumanja kwa TV. Atalikirane mofanana ndi mtunda wochokera pomwe mumakhala, ndipo alingane ndi makutu anu mukatsamira pilo. Malo akachepa zedi, soundbar ya HDMI ARC imakwana. Bluetooth nthawi zina imachedwetsa mawu, milomo ya ochita sewero n'kumatsogola.

Za subwoofer muyambe mwaganiza bwino ngati mukukhala nyumba yalendi yogundizana ndi ena. Besi imadutsa khoma mosavuta kuposa mawu ena, ndipo mukaiika pakona imachita kunyanya. Inu mukumva kukoma, aneba akumva mabingu, mawa lake alandilodi ali pakhomo.