Phazi likasiya kumva ululu, chenjerani nalo

Mwezi wa Juni ukafika, kuzizira kwa ku Mzuzu sikuchita kufunsa. Ku Zolozolo, monganso ku Chibavi, Mchengautuwa ndi madera ena a mzindawu, dzuwa likangolowa mbaula imalowa m'nyumba ndipo aliyense amasendeza mpando kufupi ndi moto. Amene amayandikitsa kwambiri mapazi nthawi zambiri amakhala agogo, poti amadandaula kuti mapazi awo sakufunda ngakhale avale masokosi awiri. Ngati kwanu kuli munthu wotere, makamaka amene ali ndi matenda a shuga, mawa m'mawa muwapemphe kuti muone kunsi kwa mapazi awo. Mukhoza kupezako matuza a moto amene eni ake sakuwadziwa n'komwe.

Kodi munthu angapse bwanji osamva? Yankho lake lili m'mitsempha. M'Chichewa timangoti mitsempha, koma ilipo ya mitundu iwiri: ina imayendetsa magazi, ina imanyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Mukaponda munga, mtsempha wa uthengawu ndiwo umathamangitsa nkhani ku ubongo, inu n'kudzatula phazi musanaganize. Mitsempha yopita kuzala za kuphazi ndiyo yaitali kuposa yonse m'thupi. Kwa munthu wamkulu imatalika pafupifupi mita imodzi kuchokera kumsana. Chifukwa cha kutalikako, china chake chikayamba kuwononga mitsempha, imene imayamba kufooka ndi imeneyi. N'chifukwa chake vutoli limayambira kunsonga za zala, n'kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu akuvala sokosi, ndipo kawirikawiri limagwira mapazi onse awiri.

Poyamba munthu amamva ngati nyerere zikumuyenda, kapena ngati akubayidwa ndi masingano. Ena amati mapazi akuyaka moto, makamaka usiku, mpaka kuwatulutsa m'bulangete. Ena amati akamayenda amamva ngati aponda thonje. Kenako pamabwera dzanzi. Choopsa n'chakuti dzanzi likafika, wodwala amayesa kuti wachira poti kuwotcha kuja kwachepa. Kunena zoona, mlonda wa phazi ndiye wagona. Kuyambira pamenepo kamwala ka mu nsapato, msomali wa panjira kapena khala la pambaula zimachita zimene zikufuna popanda wokuwa.

Chimene chimawononga mitsemphayi kwambiri masiku ano ndi shuga wochuluka m'magazi kwa zaka zambiri. Madokotala amati pafupifupi theka la anthu a matenda a shuga amadzakumana ndi vutoli pa moyo wawo. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pakati pa asanu ndi asanu ndi mmodzi anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri mwa iwo sankadziwa. Choncho musadabwe ngati dzanzi la kumapazi ndilo likhala loyamba kuulula matenda amene akhala m'thupi mwakachetechete. Kuyezetsa kwake n'kwa kadontho ka magazi a pachala. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye n'kupezeka ndi 126 kapena kuposa pa makina owerenga mu mg/dL, amene ndi 7 pa makina a mmol/L, achipatala amamuyezanso tsiku lina kuti atsimikize.

Koma si dzanzi lililonse limene ndi shuga. Mowa wambiri, makamaka kachasu womwa chopanda kudya, umawononga mitsempha yomweyi. Kuchepa kwa vitamini B12 nakonso kumatero, ndipo mankhwala a shuga a metformin akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitaminiyu. Kachilombo ka HIV pakokha kamayambitsa vutoli. Amene anayamba kumwa ma ARV kalekale akukumbukira Triomune: munali mankhwala otchedwa stavudine amene anasiyira anthu ambiri dzanzi ndi kuwotcha kwa mapazi, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene dziko lino linasinthira mankhwalawa kuyambira mu 2011. Mankhwala a TB a isoniazid nawonso amatha kuluma mitsempha, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi kapiritsi ka pyridoxine, kamene ndi vitamini B6. Inu odzipereka amene mumayendera odwala TB m'makomo, funsani ngati kapiritsi kameneka akumwa. Ambiri amakanyozera poyesa kuti n'kongowonjezera. Koma munthu asasiye yekha mankhwala a TB kapena ma ARV chifukwa cha dzanzi. Apite akanene kumene amalandira mankhwalako.

Palinso khate. Ambiri amayesa kuti linatha, poti Malawi anafika pa mlingo woti khate silinalinso vuto lalikulu la dziko mu 1994, patatha ntchito yaikulu ya bungwe la LEPRA, kuphatikizapo kafukufuku wa zaka zambiri ku Chilumba m'boma la Karonga. Komatu odwala atsopano akupezekabe. Chizindikiro chake ndi banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu limene silimva mukalikhudza ndi thonje. Khate silidula zala monga anthu amanenera. Limapha mitsempha, ndipo zala zimatha chifukwa cha zilonda zimene mwini wake sakuzimva. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo limachizika.

Tsono mungadziwe bwanji kuti phazi la mayi anu kapena la wodwala amene mumamuyendera lasiya kumva? Kuchipatala amagwiritsa ntchito kaulusi ka nayiloni kamene amagunditsa kunsi kwa phazi. Pakhomo chala chanu n'chokwanira. Njirayi inakonzedwa ndi madokotala a pachipatala cha Ipswich ku England ndipo anailengeza mu 2011. Munthuyo avule nsapato, akhale pansi atatambasula miyendo, atseke maso. Ndi chala chanu cholozera, khudzani mopepuka nsonga ya chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono pa phazi lililonse, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Musatsine, musakande, musadinikize, ndipo musabwereze pamene sanamve. Iye azingoti "eya" akamva. Akalephera kumva malo awiri kapena kuposa mwa malo asanu ndi limodziwo, phazilo lili pachiopsezo ndipo achipatala ayenera kudziwa.

Phazi lotere limafuna maso m'malo mwa ululu umene unachoka. Tsiku lililonse, makamaka madzulo posamba, wina aone kunsi kwake, kuchidendene ndi pakati pa zala. Wodwala amene sangathe kuwerama aike kalilole pansi, kapena atume mdzukulu wamaso akuthwa. Ana amaikonda ntchito imeneyi mukawapatsa ngati udindo. Mukufuna matuza, kabala, pofiira, potupa kapena poyamba kuda. Madzi osamba ayesedwe ndi chigongono kapena ndi munthu wina, osati ndi phazi. Mapazi asaviikidwe nthawi yaitali m'beseni, ndipo apukutidwe bwino pakati pa zala, poti chinyezi cha pamenepo chimasuwitsa khungu n'kutsegula khomo la tizilombo. M'nyengo ya mvula, imene ku Mzuzu imachedwa kutha, amene amayenda m'matope kapena kuswera m'jombo asamale kwambiri pamenepa.

Mitsempha ikafooka, phazi limasiyanso kutuluka thukuta, choncho khungu limauma n'kuchita ming'alu. Dzolani mafuta monga Vaseline kuchidendene ndi kunsi, koma osati pakati pa zala. Zikhadabo ziwengedwe mowongoka, osati mokumba m'mbali. Lumo ndi lezala zisayandikire khungu lolimba la kunsi kwa phazi. Zilonda zambiri zimene zimathera kodula mwendo zimayamba ndi munthu amene ankangofuna kupala kachikopa kolimba. Matekenya nawo, pa phazi la munthu wa shuga, si ochotsa ndi phini pakhonde.

Za nsapato, tikudziwa kuti ambiri timagula pa kaunjika, ndipo palibe cholakwa. Koma gulani masana kapena madzulo pamene mapazi akula pang'ono, yesani zonse ziwiri, ndipo lowetsani dzanja m'kati kufufuza msoko wokanda. Mawu akuti "ivuta masiku awiri, kenako ikula" ndi a wogulitsa, si a phazi la dzanzi. Patapata amaposa kuyenda chopanda nsapato, koma amasiya zala pamtunda ndipo kachingwe kake kamadya pakati pa zala. Musanavale nsapato iliyonse, igwedezeni. Pa kuzizira, masokosi a thonje osathina ndiwo mankhwala, osati mbaula, botolo la madzi otentha kapena njerwa yootcha. Ndipo mbaula yoyaka isagone m'chipinda chotseka, poti mpweya wa makala umapha anthu ali mtulo.

Kutupa ndi nkhani ina, ndipo apa funso loyamba n'lakuti: latupa phazi limodzi kapena onse awiri? Mayi amene waswera chiimirire pamsika kapena munthu amene wakhala m'basi kuchokera ku Lilongwe akhoza kutupa mapazi onse pang'ono, n'kuphwa akagona atakweza miyendo. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga amlodipine ndi nifedipine, amatupitsanso akakolo; dokotala akhoza kusintha mlingo kapena mtundu. Koma kutupa kwa mapazi onse kosaphwa, kumene mukadinikiza kumasiya kadzenje, kumatha kuchokera ku mtima, impso kapena chiwindi. Kukaphatikizana ndi befu, kulephera kugona chagada kapena kutupa kumaso m'mawa, musadikire tsiku la sikelo kapena la malipiro.

Kwa mayi woyembekezera, kutupa pang'ono kwa mapazi chakumapeto kwa pakati n'kofala. Chosayenera kuchinyamula ngati chizolowezi ndi kutupa kwadzidzidzi kwa nkhope ndi manja, mutu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kupweteka pansi pa nthiti. Zimenezi zimasonyeza kuti magazi akhoza kukhala akuthamanga koopsa, ndipo mayi akhoza kukomoka. Ulendo wake ndi wa tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Kwa mwana wamng'ono, makolo ena amasangalala poona mapazi onenepa, chonsecho ndi madzi. Dinikizani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri n'kuwerenga mpaka katatu pang'onopang'ono. Mukachotsa zala n'kutsala timaenje mbali zonse, mwanayo akhoza kukhala ndi kunyentchera koopsa, ngakhale lamba woyezera mkono atasonyeza kobiriwira. Atengereni kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko ndiko amaona ngati akufunika chiponde kapena kugonekedwa. Miseche yakuti mwana watupa chifukwa makolo anadumpha mwambo yachedwetsa ana ambiri pakhomo.

Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, kumapweteka pa katumba ndi kutentha, pakhoza kukhala magazi oundana mumtsempha. Osausisita, osautema mphini. Kachidutswa kakasuntha kamakatseka m'mapapo. Kutupa kolimba kokhala ndi mabanga akuda kapena timatuza tolimba pakhungu kumatha kukhala khansa ya Kaposi, imene imapezeka kwambiri mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika. Palinso matenda otupitsa miyendo ofala ndi udzudzu, amene ankavuta m'madera otentha monga Karonga, Chikwawa ndi Nsanje. Mu 2020 WHO inatsimikiza kuti Malawi wawagonjetsa, koma amene anatupa kale akufunikabe kutsuka mwendo ndi sopo tsiku ndi tsiku ndi kuukweza pogona.

Pamene dzanzi ndi kutupa zakumana mpamene pali ngozi yaikulu. Munthu wa shuga phazi lake limodzi likatupa, kufiira ndi kutentha kuposa linzake, koma iye n'kumati silikupweteka, musatonthozedwe ndi mawuwo. Mwina muli mafinya m'kati, mwina mafupa akuphwanyika pang'onopang'ono iye akuyendabe. Chimodzimodzi kabala kakang'ono: pa phazi la munthu wa shuga magazi amayenda movutikira, makamaka ngati amasuta fodya, ndipo tizilombo timakula msanga. Tsukani ndi madzi oyera owiritsa atazizira, phimbani ndi nsalu yoyera, asaliponde, ndipo apite kuchipatala pasanathe tsiku. Phulusa, mafuta a galimoto, mankhwala otsukira mano kapena ufa wa m'kapisozi wothira pabala zimangobisa chimene dokotala akufuna kuona.

Kwa anthu a ku Zolozolo, poyambira pa boma ndi chipatala chaching'ono chapafupi kapena cha Mapale m'tauni, ndipo akaona kuti n'zazikulu amatumiza ku Mzuzu Central Hospital. Chipatala cha St John's chiliponso kwa amene angathe kulipira. Ku Central kuli malo opangira miyendo yoikirira, amene anakhazikitsidwa mothandizidwa ndi bungwe la ku Scotland la 500 miles, ndipo athandiza ambiri kuyendanso. Komabe mwendo wopanga suposa wobadwa nawo. Popita, wodwala akwere kabaza kapena galimoto m'malo moyenda pa phazi la bala, atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba. Ndipo pa tsiku la kiliniki ya shuga, akalowa m'chipinda cha dokotala avule nsapato ndi masokosi asanauzidwe. Pamzere pamakhala anthu ambiri, ndipo phazi lobisika m'nsapato limatuluka losaonedwa.