Kusambira Pansi pa Nyanja ku Bazaruto

Bazaruto ndi chilumba cha m'nyanja yamchere ya Indian Ocean, kufupi ndi tauni ya Vilankulo m'dziko la Mozambique. Pansi pa madzi ozungulira chilumbachi pali matanthwe okongola otchedwa makorali, omwe amamangidwa pang'onopang'ono ndi tizilombo ting'onoting'ono. M'matanthwemo mumakhala nsomba zamawangamawanga ndi akamba a m'nyanja. Malowa anayamba kutetezedwa m'chaka cha 1971.

Munthu wofuna kukaona zimenezi amabereka botolo lachitsulo lodzaza mpweya, navala magalasi kumaso ndi zipsepse kumapazi. Chida chopumira choterechi anachipanga ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan a ku France m'chaka cha 1943.

Kutsika sikuvuta kwenikweni; pofunika nzeru ndi pobwerera. Madzi akuya amapanikiza thupi kwambiri. Mpweya umene munthu wapuma ali mamita 10 pansi umafufuma kawiri pofika pamwamba, ndipo akaugwira m'chifuwa, mapapo angathe kung'ambika. N'chifukwa chake wosambira saleka kupuma ngakhale pang'ono.

Palinso choopsa china. Mpweya wina umalowerera m'magazi. Munthu akakwera mofulumira, mpweyawo umachita thovu, monga zimachitira zakumwa za m'botolo zikatsekulidwa mwadzidzidzi. Thovulo limapweteka m'mfundo, mwinanso kupha kumene. Motero wosambira amakwera modekha ali ndi mnzake. Kukatsala mamita 5, onse awiri amaima kwa mphindi zitatu, kenaka amatulukira pafupi ndi bwato lawo.